Chidindo Chobenthuka cha Azakhali

Azakhali anga sayamba ndi kuwerenga kalata. Mukawapatsa m'manja, amayamba aiyeza kulemera, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana sitampa, chidindo, ndi mmene guluu wagwirira kumbuyo. Pofika poti atsegule amakhala atadziwa kale theka la nkhani. Tili ana zimenezi zinkatitopetsa, makamaka ikakhala kalata ya zotsatira za mayeso. Iwe mtima uli m'mwamba, iwo ali phee, kusuzumira envelopu pa zenera.

Ndi mlongo wawo wa bambo anga, wamng'ono, ndipo anagwira ntchito pa positi ofesi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Analowa ali mtsikana, kuchipinda chakumbuyo kumene amakhuthulirako matumba a makalata. Chipindacho ndinachiona kangapo. Munali tebulo lalitali loperepeseka pakati, timabokosi tambirimbiri kukhoma, zenera limodzi lam'mwamba, ndi fungo la inki. Galimoto ikatsitsa matumba m'mawa, iwo ankadula chingwe, kukhuthula, n'kumaponya kalata iliyonse m'kabokosi kake osayang'ana n'komwe kukhomako. Masana ankadinda makalata otuluka. Kudinda kwawo kunkamveka mpaka pamsewu, pa inki kenako pa sitampa, pa inki kenako pa sitampa, ndipo dzina loti a Chidindo linachokera pamenepo. Mpaka lero ndi mmene amadziwikira, ngakhale kwa dokotala wawo wa maso.

Ndi mayi wamfupi, wa mawu akuluakulu, amene sadziwa kunong'ona. Akakunong'oneza chinsinsi, oyandikana nawo nyumba amabwera kudzapepesa.

Atawasamutsira ku kauntala ndi pamene anakumana ndi nkhani ya kalipentala wina, imene amaifotokoza kamodzikamodzi, ndipo osaseka. M'mawa wina m'thumba munatuluka maenvelopu oposa makumi anayi ofanana ndendende, ochokera kunja, onse amtundu wa golide m'mphepete. Mmodzi mwa amene analandira anatsegulira pa kauntala pomwepo n'kuwaonetsa. Kalatayo inkati iye yekha, pa anthu a dziko lonse lapansi, wapambana mphoto, koma ayambe watumiza kangachepe kolipirira mapepala. Munthuyo anaseka n'kuitaya. Patapita masiku awiri kunabwera kalipentala, pensulo ili pakhutu, utuchi uli m'tsitsi, kudzatumiza ndalama ku adiresi ya m'makalata aja.

Lamulo la ntchito linali lakuti wa positi salowerera za m'makalata a anthu, ndipo azakhali anali asanakhalitse pa kauntala. Sanamuchenjeze, anangodinda risiti. Kalipentalayo anabweranso kachiwiri, akuti mapepala ena a msonkho. Anabweranso kachitatu, pakhutu popanda pensulo, chifukwa anali atagulitsa macheka ndi zopalira matabwa zonse. Chaka chisanathe azakhali anamuona akusenza matabwa a kalipentala mnzake.

"Sindinamubere ine," amatero. "Koma marisiti atatu onsewo ndinadinda ndi dzanja langali, ndikudziwa."

Kuyambira pamenepo pakamwa panatseguka, ndipo sipanatsekekenso. Aliyense wobwera kudzatumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa ankakumana ndi mafunso. Mpikisano wake munalowa liti? Amene mukumutumizirayu munamuonapo nkhope? Ngati akukupatsani chuma chonsecho, bwanji osangochotsa kangachepeko pa mphoto yomweyo? Ena ankathokoza, ena ankatukwana. Abwana awo anawaitanira mu ofesi kangapo kuti asiye kuchedwetsa mzere. Azakhali ankavomera mwaulemu, manja ali kumbuyo, n'kubwerera pa kauntala kukapitiriza.

Atapuma pa ntchito tinkaganiza kuti nzeru zawo zapumanso, poti akamberembere anali atasamukira m'mafoni ndi m'makompyuta. Tinalemba m'madzi. Tsiku lina anandiitana kuti ndikawaphunzitse imelo. Ndinawaonetsa uthenga wina umene unati ndi wochokera ku banki, ndikuwawerengera mawu ake, iwo n'kundigwira dzanja.

"Usandiwerengere kalata iwe. Envelopu yake ili kuti?"

Ndinaganiza kaye, kenako ndinakanikiza pa dzina la wotumiza. Pansi pa dzina lokongola la bankilo panatuluka adiresi yaitali ya manambala ndi zilembo zosokonekera, yosakhudzana n'komwe ndi banki iliyonse. Azakhali anavala magalasi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Basi," anatero. "Ndiye kuti ntchito ndi yomwe ija. Angosintha thumba."

Masiku ano khomo lawo lakukhitchini ndi ofesi yosalembetsa. Wometa tsitsi wa pamsewu wawo anabwera ndi uthenga wakuti katundu wake wagwidwa ndipo alipire msanga pokanikiza pena pake. Anangomufunsa kuti, "Unaitanitsa chiyani?" Iye anakanda m'mutu n'kubwerera kukameta. Mayi wa sitolo ya nsalu anabwera ndi imelo yochokera kwa anthu amene amaodako katundu, yonena kuti asintha akaunti ndipo ndalama azitumiza kwina. Azakhali anamuuza kuti aimbe pa nambala yakale imene ili m'buku lake, osati imene yalembedwa mu imeloyo. Ataimba, eni akewo anadabwa, sanasinthe kanthu. Azakhali salipiritsa munthu, koma sakananso mukawabweretsera sopo.

Munthu mmodzi yekha amene sanabwerepo pa khomo limenelo ndi bambo anga. Anali mphunzitsi wamkulu, ndipo m'maso mwawo mlongo wawoyo adakali kamtsikana kamene kanalephera masamu. Chimwalirireni amayi, amakhala okha m'nyumba ya zipinda zitatu, ndi mabuku awo ndi wailesi. Ndalama zimene analandira popuma pa ntchito zili ku banki, ndipo ndi zokhazo zimene ali nazo. Chakudya, magetsi, ndi mankhwala a miyendo yawo imene imatupa, zonse zimachokera momwemo. Zitapita zimenezo, palibe kumene kungachokere zina.

Loweruka lina m'mawa ine ndi azakhali tinapita kukawachapira makatani. Tinawapeza atameta ndevu, atavala tayi, akhala pa tebulo lodyera. Patsogolo pawo panali foni, khadi la ku banki, kope ndi cholembera, zonse zitayalidwa mwadongosolo ngati tsiku la mayeso.

"Kuli ukwati kodi, achimwene?" anafunsa azakhali.

"Makataniwo ali uko," anayankha bambo. "Ine ndili ndi msonkhano teni koloko. Musandisokoneze."

Azakhali sanapite ku makatani. Anakoka mpando n'kukhala, chikwama chili pamiyendo. Bambo anayesa kuwerenga nyuzipepala, koma kuyang'anidwa ndi azakhali si chinthu chimene munthu angapirire mphindi zisanu. Mapeto ake anatulutsa kalata m'kope muja n'kuiika patebulo monyadira.

Inali kalata yooneka bwino, pepala lolimba, chizindikiro cha banki pamwamba. Inkati ikuchokera ku likulu la bankiyo, kumzinda wakutali, ku nthambi ya chitetezo. Inatchula dzina lonse la bambo, sukulu imene anapumira, ngakhale chaka chake. Inkati pa nthambi ya banki ya kwathu kuno pali wogwira ntchito amene akuba ndalama za anthu opuma pa ntchito, ndipo akaunti ya bambo ili pa mndandanda. Choncho asapite ku nthambiko, asauze aliyense ngakhale wachibale, koma aimbe pa nambala imene yalembedwa pansi.

Bambo anali ataimba Lolemba, ndipo sabata yonseyo anali akulankhula ndi munthu amene ankamutchula kuti bwana wa chitetezo. Anali atamupatsa kale nambala ya pakhadi ndi tsiku lawo lobadwa. Lero linali tsiku lomaliza. Bwanayo asamutsa ndalama zonse kupita ku akaunti yotetezeka, pa foni pabwera manambala asanu ndi imodzi, ndipo bambo angomuwerengera manambalawo.

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali itatsala mphindi makumi awiri.

Azakhali kalatayo sanaikhudze n'komwe. "Envelopu ili kuti?"

"Ndinataya. Envelopu ndi ya chiyani?"

Azakhali anadzuka, kutuluka pa khomo lakumbuyo, n'kugwada pa bini. Ndinawaona pa zenera akuvundukula masamba a tiyi ndi zikamba za mazira za sabata yathunthu, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, atavala diresi yake yoyendera. Anabwera ndi envelopuyo itanyowa ngodya imodzi, n'kuiyala patebulo, n'kuisalaza ndi chikhatho.

"Choyamba, achimwene, likulu la banki silinyambita sitampa. Ali ndi makina awo odinda. Iyi sitampa yamatidwa ndi malovu a munthu, ndipo yapendekeka."

"Makina amawonongeka," anatero bambo.

"Amawonongeka ndithu. Tsono taonani apa."

Analoza chidindo chimene chinali pa sitampapo. Dzina la positi silinkawerengeka, inki inali yofufutika monga mwa masiku onse. Koma mzere wozungulira unkaoneka bwino, ndipo chakumanzere, cham'munsi, unali wodukiza pang'ono, malo okwana njere ya mpunga.

"Ichi ndi chidindo changa," anatero azakhali. "Ndinachigwetsa pa simenti chaka chimene anabadwa mwana wanuyu, chinabenthuka pamenepa. Anandidula malipiro, koma chatsopano sanagule mpaka lero. Kalata iliyonse yoponyedwa pa positi yathu ino imatuluka ndi chilema chimenechi, ndipo palibe positi ina imene ili nacho. Kalata yanuyi sinakwere galimoto, achimwene. Munthu anaiponya m'bokosi lofiira lija, wa positi n'kuidinda, n'kuyenda nayo masitepe khumi kukaiika m'kabokosi kanu. Likulu lanulo lili konkuno, mwina timagula nalo tomato pamodzi."

Bambo anayang'ana chidindocho, n'kuyang'ana kumbali. Ndimawadziwa bambo anga. Si munthu wopusa, koma kuvomera kuti mlongo wawo wakhoza ndi phiri lalitali kwa iwo.

"Iwe ntchito yako inali kudinda masitampa," anatero. "Za banki uzidziwira kuti? Munthuyu akudziwa zonse za ine."

"Akudziwa zimene zili pa mapepala amene mwakhala mukusiya paliponse pamene mumakachita fotokope. Chimene sakudziwa ndi manambala amene akufuna mumuwerengere. Akanakhala wa banki, akanawafuniranji kwa inu? Mwini nyumba sapempha kiyi kwa mlendo."

Foni inalira. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndiilande, koma azakhali anandimenya pa mkono. Ananditsina khutu pambuyo pake kuti ukamulanda foni munthu wamkulu, amadikira uchoke n'kuimbanso yekha. Anangoti, "Yankhani, achimwene, koma tonse timve. Mumufunse chinthu chimodzi chokha, kuti kalata ija anaiponyera kuti."

Bambo anayankha, n'kukanikiza kuti mawu amveke. Ndinkayembekezera mawu a chigawenga, koma amene ndinamva anali mawu ofatsa, aulemu, a munthu woleredwa bwino.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Miyendo ija lero ikuti bwanji? Munaikweza pa pilo monga tinanenera?"

"Ndadzuka bwino, bwana," anatero bambo, ndipo nkhope yawo inamasuka mmene sindinaionere kwa nthawi yaitali. Anacheza pang'ono za mvula. Kenako foni inanjenjemera, uthenga wa manambala uja unali utalowa.

"Ndi amenewo, aphunzitsi. Tandiwerengerani pang'onopang'ono."

Bambo anatenga foni, n'kuyang'ana manambalawo, n'kuyang'ana envelopu yonyowa ija. Azakhali anali atapinda manja, akuyang'ana kudenga, ndipo ndikhulupirira kuti pa moyo wawo wonse sanakhalepo chete movutikira chotero.

"Ndisanawerenge," anatero bambo, "pali kanthu kakang'ono. Kalata ija munaitumiza kuchokera kuti?"

"Kuno ku likulu, aphunzitsi. Ndinaisainira ndekha, inatuluka ndi makalata a ofesi. Koma tifulumire, manambalawo amatha mphamvu pakapita mphindi zochepa."

"Ndiye mundilole ndiyambe ndaimba pa nambala imene ili kumbuyo kwa khadili, andilumikize kwa inu."

Munthuyo atayankha, ulemu uja unali utachepa.

"Muli ndi ndani pamenepo? Tinagwirizana kuti musauze munthu. Mukachedwa, ndalama zanu zipita lero lomwe, ndipo musadzandidandaulire. Werengani manambalawo, madala."

Apa munthuyo anaponda pamene sapondapo. Bambo anga anaphunzitsa ana zaka makumi anayi, ndipo amadziwa mmene mawu a mwana amasinthira akagwidwa ndi kapepala m'thumba. Anawongola tayi.

"Mnyamata iwe," anatero, "amene amandiuza kuti ndifulumire ndi dokotala yekha."

Anadula foni. Inaliranso kanayi, iwo osaikhudza.

Loweruka banki imatseka masana, choncho makatani anatsala mmene analili. Tinakwera basi tonse atatu, bambo pakati, khadi lili m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake. Ku banki tinapeza mayi wina pa desiki ya mafunso, amene anamvetsera nkhani yonse osawadula mawu ndiponso osawaseka, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero chifukwa cha zimenezo. Anatseka khadi lakale, n'kulemba zoti apatsidwe latsopano. Anati m'mawa womwewo munthu wina anayesadi kulowa mu akauntiyo, koma anakanika pa manambala aja. Anatembenuza kompyuta kuti bambo aone okha kuti ndalama zawo zili momwemo. Kenako anawauza mofatsa kuti banki sidzawafunsa nambala yachinsinsi kapena manambala obwera pa foni, ndipo aliyense wowauza kuti asabwere ku nthambi kapena asauze abale awo ndi wakuba. Kalata ndi envelopu anazitenga kuti zipite kupolisi. Azakhali anaumirira kuti alembe pa lipotilo za chidindo chobenthuka, ndipo anaimirira pomwepo mpaka mayiyo atalemba.

Titatuluka, miyendo ya bambo inali itatupa, ndiye tinakhala pa benchi ya panja pa banki. Azakhali anali atayamba kale kuwerengera zochita: mapepala akale onse awotchedwe, mafotokope owonongeka asamasiyidwe kwa eni makina, nambala ija itsekedwe. Ine ndinali wokondwa, ndikuseka, ndikubwereza mawu a bambo aja onena za dokotala. Bambo sankaseka.

"Lachitatu ndinayamba kukayika," anatero, akuyang'ana magalimoto. "Ndinamufunsa dzina la mkulu wa nthambi ino, anazemba. Ndinaona kuti wazemba."

"Nanga bwanji simunadule pomwepo, achimwene?"

Bambo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi.

"Ankaimba teni koloko tsiku lililonse. Ankayamba wafunsa za miyendo. Lachinayi tinacheza ola lathunthu za ana amene ndinawaphunzitsa, ndipo ankamvetsera. Ndinkadzuka, kusamba, kumeta, podziwa kuti pali munthu amene aimbe." Anavalanso magalasi. "M'nyumba muja mumakhala zii, mlongo wanga."

Azakhali, amene ali ndi yankho pa chilichonse, anangoika dzanja lawo pa bondo la achimwene awo n'kulisiya pomwepo.

Ine manyazi anandigwira. Ndimakhala mtunda wa basi imodzi kuchokera kwa bambo anga. Ndimawagulira mankhwala, ndimawalipirira wotchetcha udzu, ndipo ndinkadziona ngati mwana wabwino. Koma nditafufuza m'foni yanga madzulo a tsikulo, ndinapeza kuti ndinawaimbira komaliza masabata atatu apitawo, kwa mphindi ziwiri, kuwafunsa ngati alandira mankhwala. Wakuba anali atapeza khomo limene ine ndinasiya lotsegula, ndipo limenelo silikanaoneka pa envelopu iliyonse.

Lolemba ndili kuntchito, wotchi itakwana teni koloko, ndinapempha mnzanga kuti andigwirire kaye, n'kutuluka panja kukaimba. Bambo anayankha foni isanamalize kulira koyamba.